Wotchi ya malonda a zaulimi inaima mu 1988

Mlimi wa thonje wa hekitala imodzi ku Mali sanaionepo nyumba ya bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko la WTO ku Geneva, komabe mtengo umene amalandira pa kilogalamu ya thonje lake umadutsa m'nyumba imeneyo. N'chimodzimodzi ndi woweta ng'ombe zisanu ku Senegal amene mkaka wake umalimbana pa msika ndi mkaka waufa wobwera pa sitima, kapena mlimi wa mpunga ku Haiti. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO limati pa minda isanu ndi umodzi iliyonse padziko lapansi, isanu ndi yosakwana mahekitala awiri, ndipo timinda timeneti timatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse. Eni ake ndiwo ochuluka, koma malamulo a malonda sanalembedwe powaganizira iwo.

Anthu akamanena kuti malamulowa ngokondera amangothera pomwepo, ngati kuti kukonderako ndi mzimu wosaoneka. Kukonderako kuli m'ndime zodziwika, m'masamu oti munthu angawerengetsere pa pepala, ndipo pokonza pake mpomwepo.

Mgwirizano wa zaulimi wa WTO unayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1995, pambuyo pa zokambirana zomwe zinayambira ku Punta del Este m'dziko la Uruguay mu 1986 n'kusainidwa ku Marrakesh mu 1994. Uli ndi mizati itatu: misonkho ya katundu wolowa m'dziko, thandizo lomwe boma limapereka kwa alimi ake, ndi sabuside ya katundu wotumizidwa kunja. Mayiko olemera analonjeza kutsitsa misonkho yawo ndi 36 peresenti pa avareji m'zaka zisanu ndi chimodzi, otukuka kumene ndi 24 peresenti m'zaka khumi, ndipo osaukitsitsa sanakakamizidwe kutsitsa. Poona pamwamba zikuoneka zachilungamo. Msampha uli pa zaka zomwe anasankha ngati poyambira kuwerenga: 1986 mpaka 1988.

M'zaka zimenezo mitengo ya mbewu padziko inali pansi kwambiri ndipo America, Europe ndi Japan ankathira ndalama zankhaninkhani mu ulimi. Mgwirizano unati aliyense awerenge thandizo losokoneza malonda lomwe ankapereka nthawi imeneyo, kenako olemera alichepetse ndi 20 peresenti, otukuka kumene ndi 13.3 peresenti. Chotsalacho chinasanduka ufulu wokhazikika, womwe akatswiri amautchula kuti AMS. America inatsala ndi denga la madola 19.1 biliyoni pa chaka, mgwirizano wa mayiko a ku Europe (EU) unafika pa mayuro oposa 70 biliyoni. Dziko lomwe nthawi imeneyo linalibe ndalama zothandizira alimi, kapena linali litangochotsa sabuside potsatira zofuna za IMF ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, linalemba ziro, ndipo ziroyo ndiye denga lake mpaka lero. Mamembala ongopitirira 30 okha ndiwo ali ndi ufulu wa AMS. Wodya kwambiri dzulo anapatsidwa mbale yaikulu ya mawa.

Otsalawo anasiyiridwa kagawo kotchedwa de minimis: thandizo losapitirira 10 peresenti ya mtengo wa zokolola za mbewu imodzi, ndi 10 peresenti ina ya mtengo wa zokolola zonse pa thandizo losasankha mbewu. Kwa mayiko olemera ndi 5 peresenti, kwa China ndi 8.5 malinga ndi zomwe anagwirizana polowa mu 2001. Kusiyana kwake n'kwakuti olemera ali ndi de minimis komanso AMS pamwamba pake, ndipo AMS ilibe malire pa mbewu imodzi. Dziko lingatenge gawo lalikulu la ufulu wakewo n'kuliunjika pa thonje lokha, kapena shuga, kapena mkaka, mpaka thandizo kufika theka la mtengo wa mbewuyo kapena kuposerapo, osaphwanya lamulo lililonse.

Nkhani ya thonje ikuonetsa zimenezi poyera. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 alimi a thonje pafupifupi 25,000 a ku America ankalandira madola oposa 3 biliyoni pa nyengo imodzi, pamene anthu pafupifupi 10 miliyoni kumadzulo ndi pakati pa Africa ankadalira mbewu yomweyo. Mtengo ukagwa, mlimi wa ku Texas ankabwezeredwa ndi boma n'kubzalanso chimodzimodzi chaka chotsatira, motero thonje silinachepe pa msika ndipo mtengo sunadzuke. Amene anachepetsa munda, kapena kugulitsa ng'ombe yolimira kuti abweze ngongole ya feteleza, anali wa ku Burkina Faso. Mu 2003 mayiko anayi, Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali, anaitengera nkhaniyi ku WTO, ndipo inali chimodzi mwa zomwe zinagwetsa msonkhano wa nduna wa ku Cancún chaka chomwecho. Ku Hong Kong mu 2005 analonjezedwa kuti thonje lidzakambidwa mwapadera ndi mwachangu. Zaka makumi awiri zadutsa, denga la sabuside ya thonje kulibe. Ndipo lero wothira ndalama zambiri mu thonje ndi China osati America, chinthu chomwe omenyera ufulu wa alimi ena safuna kuchitchula chifukwa chimasokoneza nthano ya olemera ndi osauka.

Kukonza kwake sikovuta kulemba. Pakhale denga pa mbewu iliyonse payokha, loyezedwa ndi mtengo wa zokolola za mbewuyo, ndipo likhudze dziko lililonse lomwe limagulitsa kunja gawo lalikulu la mbewuyo, kaya limadzitcha lolemera kapena lotukuka kumene. Ufulu wa AMS uchepetsedwe chaka ndi chaka mpaka aliyense atsale ndi de minimis yokha. Chovuta n'chakuti de minimis nayo imakula limodzi ndi zokolola, choncho 8.5 peresenti ya ulimi wa China ndi phiri la ndalama loposa AMS ya mayiko ambiri olemera. Kuchotsa AMS kokha osakhudza zimenezi kungangosintha dzina la wopondereza.

Masamu a nkhokwe

Apa mpamene pali ndime yomwe ine ndimaiona kuti ndi yopusa koposa zonse, komanso yosavuta kukonza. Boma likamagula mbewu kwa alimi pa mtengo womwe lalengeza kuti lisunge m'nkhokwe zake, WTO imawerengera thandizo motere: tengani mtengo wa boma, chotsanipo mtengo wa kunja wa mbewuyo wa zaka za 1986 mpaka 1988, kenako chulukitsani ndi matani oyenera kugulidwa. Mtengo wa zaka zimenezo susintha. Ndalama ya dziko itsike mphamvu kakhumi, feteleza akwere, mafuta akwere, nambala ija ili pomwepo.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Dziko lina linalemba kuti tani imodzi ya mpunga inali 200 mu ndalama yake m'zaka zija. Lero boma likugula pa 2,000, pamene mpunga womwewo kuuitanitsa kunja ungafike pa 2,300. Kunena zoona boma likulipira mlimi mochepera mtengo wa dziko lonse. Palibe sabuside apa. Koma masamu a WTO akuti thandizo ndi 1,800 pa tani. Dzikolo lakolola matani 1 miliyoni, a mtengo wa 2 biliyoni, ndiye denga lake la 10 peresenti ndi 200 miliyoni. Boma likagula matani 100,000, thandizo likuwerengedwa 180 miliyoni, latsala pang'ono kugunda denga. Tsono pali mawu aja oti matani oyenera kugulidwa. Pa mlandu wa nyama ya ng'ombe wa Korea mu 2000, komanso wa tirigu ndi mpunga wa China mu 2019, oweruza anati mawuwa akutanthauza zokolola zonse zomwe boma likanatha kugula, osati zomwe lagula. Ngati boma silinalengeze pasadakhale malire a matani omwe ligule, ndiye kuti 1,800 ija ichulukitsidwa ndi matani onse 1 miliyoni, kutuluka 1.8 biliyoni. Denga laphwanyidwa kasanu ndi kanayi ndi boma lomwe silinapatse mlimi ngakhale mtengo wa pa msika wa dziko lonse.

Wokonza ndondomeko ya nkhokwe atengepo phunziro la msangamsanga: lengezani m'malamulo matani omwe mugule nyengo isanayambe, tchulani madera ndi mtundu wa alimi oyenera kugulitsa. Kungotero kumachepetsa chiwerengero chija kwambiri. Kugula pa mtengo wa pa msika m'malo mwa wolengezedwa kumalowetsa ndondomeko yonse m'gulu la thandizo lopanda malire, koma pamenepo mlimi wamng'ono wataya chomwe amafuna, chomwe ndi mtengo wodziwika pa nthawi yokolola pamene aliyense akugulitsa ndipo ogula akutchula mtengo womwe afuna.

Ku Bali mu Disembala 2013 nduna za mayiko a WTO zinagwirizana zongopumira: dziko lotukuka kumene likapyola denga chifukwa cha nkhokwe za chakudya, ena asalisumire. Mu Novembala 2014, India itaumirira, anati chitetezochi chikhalapo mpaka yankho lokhazikika lipezeke. India ndiyo inayamba kuchigwiritsa ntchito mu 2020, pa mpunga. Koma werengani timalemba tating'ono. Chitetezo chimakhudza mbewu za chakudya chachikulu cha dzikolo zokha, dzikolo liyenera kukhala litapereka malipoti ake onse a thandizo la ulimi, ndipo ndondomekoyo ikhale yomwe inalipo kale pa tsiku la chigwirizano cha ku Bali. Dziko losauka lomwe mu 2013 linalibe ndalama zoyendetsera nkhokwe, likafuna kuyamba lero, lili panja. Cholakwa cha 1986 chinabwerezedwa ndendende: amene anali nazo kale ndiye watetezedwa.

Mu 2022 gulu la mayiko a mu Africa, gulu la ACP (mayiko a mu Africa, Caribbean ndi Pacific) ndi la G33 (gulu la mayiko otukuka kumene) anapereka maganizo oti mtengo woyerekezera uzitengedwa pa zaka zisanu zapitazi, kuchotsapo chaka chokwera kwambiri ndi chotsika kwambiri n'kupeza avareji ya zitatu zotsalazo, komanso kuti ndondomeko zatsopano ziloledwe. Ine ndikugwirizana nazo, ndi kuwonjezera kuti awerenge matani ogulidwadi. Koma otsutsa si onse achinyengo. Thailand, Pakistan ndi Uruguay amagulitsa mpunga kunja, ndipo awiri oyambawo ali ndi alimi ang'onoang'ono ambirimbiri. India mu 2022 inali ndi pafupifupi 40 peresenti ya mpunga wonse wogulitsidwa pakati pa mayiko. Nkhokwe zikadzaza, mpunga woti uwonongeka n'kutulutsidwa motchipa, umagwetsa mtengo kwa mlimi wa dziko loyandikana. Ndiye yankho lokhazikika liyenera kubwera ndi chingwe: zam'nkhokwe zisatuluke kunja pokhapokha ngati ndi thandizo la pa njala, ndipo chaka chilichonse boma lionetse matani omwe linagula, omwe linagawa ndi omwe atsala. Popanda chingwe chimenechi otsutsa sadzalola, ndipo sadzakhala olakwa. Msonkhano wa ku Abu Dhabi mu 2024 unatha popanda chogwirika pa ulimi makamaka chifukwa cha mkangano womwewu.

Za bokosi lobiriwira ndingonena mwachidule. Muli thandizo lomwe amati silisokoneza malonda, ndipo lilibe denga: kafukufuku, alangizi, misewu ya kumidzi, kuthana ndi tizilombo, komanso ndalama zopatsa mlimi mosayang'ana zomwe walima. EU, makamaka kuyambira kusintha kwa 2003, inasamutsira thandizo lake lambiri m'bokosi limeneli, ndipo bajeti yake ya ulimi ya 2021 mpaka 2027 ndi mayuro pafupifupi 387 biliyoni. Mlimi wolandira ndalama pa hekitala chaka ndi chaka amakongola ku banki mosavuta, amagula makina, ndipo sasiya ulimi mtengo ukagwa. Kunena kuti zimenezi sizikhudza msika n'kunamizana. Njira yake ndi kuika malire pa ndalama zolowa m'thumba la mlimi mwachindunji, kusiya kafukufuku ndi misewu zili zotsegula.

Sitima ikafika pa doko

Mkaka waufa ukutionetsa mbali ina. EU itachotsa malire a kuchuluka kwa mkaka mu 2015, mkaka unasefukira. Makampani amachotsa mafuta a mkaka n'kupanga batala wogulitsa modula, m'malo mwake n'kuthiramo mafuta a kanjedza, kuumitsa, kuika m'matumba a makilogalamu 25 n'kutumiza kumadzulo kwa Africa. Pa msonkho wa mayiko a ECOWAS, mgwirizano wa mayiko a kumadzulo kwa Africa, matumba aakulu oterewa amalipira 5 peresenti yokha chifukwa amaonedwa ngati zipangizo za mafakitale. Fakitale ya yogati imasungunula ufawo ndi madzi, ndipo ilibenso chifukwa chotumizira galimoto yoziziritsa kwa oweta a kutali omwe mkaka wawo umachepa m'chilimwe. Woweta sanaluze chifukwa cha ulesi. Waluza chifukwa palibe amene angamange malo osonkhanitsira mkaka pamene ufa ukupezeka motchipa chaka chonse.

Tinene zoona pano: si WTO yomwe inaika 5 peresenti imeneyo. Pali msonkho womwe dziko linalonjeza kuti silidzapyola, ndi msonkho womwe likulipiritsadi. Mayiko ambiri a mu Africa analonjeza madenga okwera pa zaulimi, Ghana pafupifupi 99 peresenti, Kenya 100, Nigeria 150, koma amalipiritsa zochepa kwambiri. Mpata ulipo. Amene amawamanga manja ndi obwereketsa ndalama, migwirizano ya m'chigawo, mapangano a malonda ndi EU omwe ena ali ndi ndime yoletsa kukweza misonkho, komanso mantha a andale pa anthu a m'tauni omwe amafuna chakudya chotchipa. Mu 2003 nyumba ya malamulo ya Ghana inavomereza kukweza msonkho wa nyama ya nkhuku kuchoka pa 20 kufika pa 40 peresenti, koma boma linabweza ganizolo pasanapite nthawi litakambirana ndi IMF. Haiti inatsitsa msonkho wa mpunga kufika pa 3 peresenti mu 1995, mpunga wa ku America unadzaza, ndipo mu 2010 Bill Clinton anavomera pamaso pa komiti ya aphungu a dziko lake kuti kulimbikitsa zimenezo kunali kulakwa. Aliyense wokamba zosintha malamulo a malonda n'kumangoloza ku Geneva waona theka la chithunzi.

Komabe pali chida chomwe WTO inapatsa ena n'kumana ena. Ndime 5 ya mgwirizano wa zaulimi imalola kukweza msonkho pompopompo katundu akasefukira kapena mtengo wake ukagwa, popanda kufufuza ngati alimi apwetekadi. Ufuluwu unaperekedwa kwa mamembala 39 okha omwe anasintha ziletso zawo zakale kukhala misonkho, ndipo ogwiritsa ntchito kwambiri akhala EU, America ndi Japan. Ena onse ayenera kudutsa njira yaitali: kukhazikitsa ofesi yofufuza, kusonkhanitsa umboni wa kupweteka kwakukulu, kumva mbali zonse. Alimi omwazikana omwe sasunga mabuku sangabweretse umboni woterewu, ndipo kafukufuku akamatha nkhuku zija zinagulitsidwa kalekale motaya.

N'chifukwa chake mayiko otukuka kumene akhala akupempha chida chawochawo chokwezera msonkho pompopompo, chotchedwa SSM. Zokambirana za Julayi 2008 ku Geneva zinagwa pa nkhani yomweyi. Maganizo omwe anali pa tebulo ankati dziko lingapyole denga lake la msonkho pokhapokha katundu wolowa atachuluka ndi 40 peresenti; India inati pofika pamenepo mlimi wafa kale, America inakana kutsitsa. Ku Nairobi mu 2015 anangobwereza kuti ufuluwo udzakhalapo, zokambirana zipitirire.

Pa kapangidwe kake, ine ndikuona kuti mkangano wa 40 peresenti unali wa chinthu chosathandiza kwenikweni. Chida chodzuka ndi kuchuluka kwa katundu chimafuna kuti ofesi ya misonkho idziwe matani olowa mwezi ndi mwezi, n'kuwayerekeza ndi avareji ya zaka zitatu. M'mayiko ambiri osauka ziwerengerozi zimatuluka patapita miyezi, ndipo zolowera njira zachidule sizilembedwa n'komwe. Komanso katundu amachuluka kwambiri chaka cha chilala, nthawi yomwe kukweza msonkho n'kupha anthu ako omwe. Chodzuka ndi mtengo ndicho chogwira: kontena iliyonse ikafika, wa kasitomu ayerekeze mtengo wake ndi avareji ya zaka zitatu zapitazo, ukatsika kupyola mlingo wogwirizana awonjezere msonkho wotseka gawo la kusiyanako. Chofooka chake ndi ma invoisi abodza, pakuti woitanitsa katundu akadziwa mlingo amangolemba mtengo wokwera pang'ono. Mankhwala ake ndi kuyerekeza ndi mitengo ya pa misika ikuluikulu ya dziko lonse, osadalira pepala la mwini katundu lokha. Mtengo woyerekezera uwerengedwenso mu ndalama yomwe katunduyo anagulira, apo ayi kutsika mphamvu kwa ndalama ya dziko kumabisa kugwa kwa mtengo.

Chimodzi chomwe chinathekadi: ku Nairobi komweko anagwirizana kuthetsa sabuside ya katundu wa zaulimi wotumizidwa kunja. Chinatheka chifukwa olemera anali atasiya kale kuigwiritsa ntchito kwambiri.

Kugulitsa kunja: msonkho si khoma lalitali

Misonkho imakwera katundu akamakonzedwa. Ku EU khofi wosakazinga amalowa ulere, wokazinga amalipira 7.5 peresenti, wosungunuka 9. Njere za koko ndi ulere, batala wa koko 7.7 peresenti, phala lake 9.6. Manambala akuoneka ang'ono, koma msonkho umagwera mtengo wonse wa katundu pamene phindu la fakitale lili pa kagawo kowonjezeredwa kokha, ndiye 8 peresenti ingadye phindu lonse. Mayiko osaukitsitsa anachotseredwa misonkhoyi ku EU kuyambira 2001, ndipo Ghana ndi Côte d'Ivoire ali ndi mapangano awo, choncho khomali likuvuta kwambiri mayiko apakati, komanso m'misika ina ikuluikulu ya ku Asia.

Khoma lenileni la mlimi wamng'ono ndi miyezo. Titenge mtedza. Chuku cha mtundu wa Aspergillus chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, woyambitsa khansa ya chiwindi, ndipo palibe wanzeru anganene kuti asayezedwe. Bungwe la Codex, loika miyezo ya chakudya padziko lonse, limalola mamaikulogalamu 15 pa kilogalamu pa mtedza wopita kukakonzedwa. EU imalola 15 yomweyo pa woti akasankhidwenso, koma 4 yokha pa wodyedwa mwachindunji. Kuti afike pamenepo, mtedza ukumbidwe pa nthawi yake, uume msanga mpaka chinyezi chitsike pansi pa 8 peresenti, usayanikidwe pa dothi, usanyowetsedwe pofuna kufewetsa makoko posenda, wosweka ndi wofota achotsedwe, matumba asanjikidwe pa matabwa. Poizoniyu sagawanika mofanana: njere zochepa zoipa zingakanitse kontena yonse, ndiye thumba limodzi la mlimi mmodzi lingagwetse alimi mazana omwe anasonkhanitsa katundu wawo. Ndipo kontena ikakanidwa pa doko la ku Europe, ulendo wobwerera amalipira ndi wotumiza. Mtedza wokanidwawo nthawi zambiri umakathera m'mimba mwa anthu a dziko lomwe unachokera, nkhani yomwe sikambidwa mokwanira.

Chofunika kusintha apa si kufewetsa muyezo ayi. Ndi kuti dziko lokhwimitsa kupyola Codex lisonyeze umboni wa sayansi monga mgwirizano wa WTO wa za ukhondo wa chakudya, ziweto ndi mbewu (SPS) umanenera, lipereke nthawi yokwanira yokonzekera, ndipo livomereze zotsatira za labotale yovomerezeka ya m'dziko lotumiza kuti katundu ayezedwe asanakwere sitima. Ndime zolonjeza thandizo la ukadaulo zilipo kale, koma zinalembedwa m'mawu oti mayiko adzayesetsa, ndipo kuyesetsa sungamusumire nako munthu. Lamulo la EU la 2023 loletsa katundu wochokera pa malo odulidwa nkhalango pambuyo pa 31 Disembala 2020 lili ndi vuto lomwelo. Likufuna kuti munda uliwonse wa koko, khofi, labala, soya kapena kanjedza udziwike malo ake pa mapu a setilaiti. Wopitirira mahekitala anayi ujambulidwe malire onse. Esiteti imodzi ya mahekitala 2,000 ndi ntchito ya masiku ochepa. Alimi 2,000 a hekitala imodzi imodzi, ambiri opanda chikalata cha malo, ndi ntchito ya miyezi, ndipo wogula wofuna kupewa chiopsezo amangowasiya n'kupita ku esiteti. Woika lamulo alipire mtengo wolembetsa alimiwo, ndipo zomwe zalembedwazo zikhale za kopaletivi yawo osati za kampani yogula, apo ayi mlimi wamangidwa kwa wogula mmodzi.

Pali chinanso chomwe omenyera alimi amaiwala: mlimi wamng'ono amagulanso chakudya, ndipo ambiri amagula choposa chomwe amagulitsa. Mu 2007 ndi 2008 India, Vietnam ndi ena ataletsa kutumiza mpunga kunja, mtengo wake padziko unakwera pafupifupi katatu m'miyezi yochepa. India inaletsanso tirigu mu 2022 ndi mpunga woyera wamba mu 2023. Chiletso chotere chimapweteka mbali ziwiri, wogula wa kunja ndi mlimi wa m'dziko loletsalo amene mtengo wake umagwa atabzala kale. Malamulo apa ndi ofewa zedi. GATT, mgwirizano waukulu wa WTO wa malonda a katundu, imalola ziletso zakanthawi pa kusowa kwakukulu kwa chakudya osamasulira kuti kanthawi n'kotalika bwanji, ndipo ndime 12 ya mgwirizano wa zaulimi imangopempha kudziwitsa anzako. Mu 2022 anagwirizana kuti chakudya chogulidwa ndi bungwe la WFP chisamaletsedwe. Chotsatira chikhale chakuti mayiko osaukitsitsa ogula chakudya asakhudzidwe ndi ziletsozi, chiletso chilichonse chikhale ndi tsiku lothera, ndipo katundu yemwe mgwirizano wake unasainidwa kale aloledwe kutuluka.

Mpata umodzi womwe mayiko otukuka kumene ali nawo kale uyenera kutetezedwa pa zokambirana zilizonse. Ndime 6.2 imalola, popanda denga, sabuside ya zipangizo monga mbewu ndi feteleza kwa alimi osauka, komanso thandizo la chitukuko cha ulimi monga mthirira. Ena ogulitsa kunja akufuna ndimeyi iikidwe malire chifukwa mayiko akuluakulu amaigwiritsa ntchito kwambiri. Ngati malire abwere, akhale pa kumasulira bwino kuti mlimi wosauka ndani, mwina ndi kukula kwa munda, osati pa ndalama. Mayiko ambiri osauka sanafike n'komwe pafupi ndi madenga awo. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Maputo mu 2003 kuika 10 peresenti ya bajeti mu ulimi, anabwereza ku Malabo mu 2014, koma okwaniritsa ngowerengeka. Kwa mayiko amenewa phindu lalikulu la kusintha malamulo lili pa kuchepetsa zomwe ena amathira, osati pa kupatsidwa chilolezo chowononga ndalama zomwe alibe.

Zonsezi zikufuna woweruza, ndipo woweruzayo pakadali pano kulibe. Khoti la apilo la WTO linasiya kugwira ntchito mu Disembala 2019 America itakana kuvomereza oweruza atsopano, kotero woluza mlandu amangochita apilo ku khoti lopanda anthu, mlandu n'kufera pomwepo. Ngakhale pamene linkagwira ntchito, chilango chake chinali kulola wopambana kukweza misonkho pa katundu wa woluza. Dziko laling'ono likakweza msonkho pa katundu wa America, America samva kanthu, olira ndi ogula a dziko laling'onolo. Mwa mayiko onse osaukitsitsa, Bangladesh yokha ndiyo inayambitsapo mlandu, mu 2004, ndipo unali wa mabatire. Chilango chiyenera kukhala chipukuta misozi cha ndalama, chowerengedwa kuyambira pamene kuphwanya lamulo kunayamba, ndipo chifike kwa onse opwetekedwa osati wosuma yekha.

Mlandu wa thonje unasonyeza kusiyana kwake. Dziko lomwe linasumira America mu 2002 ndi Brazil, chifukwa ndiyo inali ndi maloya ndi akatswiri a zachuma owerengera kuti sabuside inatsitsa mtengo motani. Benin ndi Chad analowa ngati okhudzidwa chabe. Brazil inapambana mu 2004 ndi pa apilo mu 2005, ndipo itaopseza kuti ikhudza ngakhale umwini wa mankhwala ndi mafilimu a ku America, mu 2010 America inavomera kulipira madola 147.3 miliyoni pa chaka ku thumba la alimi a thonje a ku Brazil. Mu 2014 anatseka nkhaniyo ndi madola 300 miliyoni. Alimi a ku Benin ndi Chad sanabwezeredwe zomwe anataya, ndipo mu 2018 thonje linabwezeretsedwa m'ndondomeko zikuluzikulu zothandizira mitengo ya mbewu ku America.